Kapepala ka M'khutu la Kaseti

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinagululitsa munthu mano anayi popanda kumukhudza ndi chala chomwe. Munthuyo anali Che Amidu, wokonza njinga pa Limbuli, ndipo amene anatola pampu n'kuwamenya nayo pakamwa ndi bambo anga. Komabe mpaka lero, ndikamawerenga zimene ndinawononga pa moyo wanga, ndimayambira mano amenewo.

Bambo anali kapitawo ku esiteti ya tiyi, munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, wosakonda zolankhulalankhula. Mowa ankangolawa, kutchalitchi ankaonekako pa Khirisimasi ndi pa maliro. Chimene ankapembedza ndi mtima wonse chinali bandi ina ya anyamata asanu a kufupi ndi malire, yotchedwa Mvumbi Jazz. Amene anawapatsa dzinalo sanalakwe, chifukwa nyimbo yawo ikayamba sinkadziwa kukata. Mawu ankatha m'mphindi zitatu, kenako magitala n'kuuyamba ulendo wawo, kusochera, kupezana, kusocheranso, mayi wopita kuchigayo mpaka kubwerako nyimbo idakali yomweyo. Ku situdiyo sanapondeko, pa wailesi sanamvekepo. Ankaimba masana a Lamlungu m'mabwalo a mpira, zokuzira mawu zitalumikizidwa ku mabatire a galimoto, ndipo nyimbo imodzimodziyo sankaiimba kawiri mofanana. Ya ku Chonde inali ina, ya ku Chinakanaka inalinso ina.

N'chifukwa chake kunabadwa mtundu wa anthu onga bambo anga. Ankapita ku zoimbazo atasenza mawailesi a kaseti paphewa, n'kukaima pafupi ndi chokuzira mawu, osavina, osaseka, maso ali pa tepi kuti ikatha aitembenuze msanga. Malamulo awo anali okhwima kuposa a mpingo. Kaseti ya Mvumbi sinkagulitsidwa. Woifuna ankabwera ndi yake yopanda kanthu n'kukopera. Pa kaseti iliyonse ankalembapo malo ndi chimene chinachitika tsikulo: "Chonde, mbuzi itakwera pa nsanja," kapena "Chinakanaka, batire itathera panjira." Akangomaliza kujambula ankathyola kapulasitiki kakang'ono ka pakona ya kasetiyo, kamene iwo ankakatchula kuti khutu. Khutu likathyoka pamatsala kadzenje, ndipo batani lofiira lojambulira limakana kulowa. Kaseti yothyoledwa khutu inali yotetezeka ngakhale m'manja mwa chidakwa.

Lamlungu lopanda zoimba ankasonkhana kwathu, pansi pa mtengo wa mapeyala, amuna asanu kapena asanu ndi mmodzi atazungulira wailesi ngati akuotha moto. Ankamvetsera mitu ili zyolizyoli. Mwadzidzidzi wina ankakweza chala. "Apa, apa! Jailosi wasochera." Jailosi anali woimba gitala wamkulu wa bandiyo. Onse ankangoti phee, kudikira, ndipo gitala ikabwerera m'njira ankapuma pamodzi ngati anthu amene awoloka mtsinje wa Ruo utadzaza.

Pa onsewo, mnzawo wa pamtima wa bambo anali Che Amidu, Msilamu wamtali wowonda, manja akuda ndi girisi, kachipewa koyera kali pamutu. Ankatchulana kuti achimwene, ndipo chifukwa cha iwo nkhumba sinkaphikidwa kwathu Lamlungu. Mphatso yawo inali mluzu. Gitala ya Jailosi ankaisunga m'kamwa. Akangomva kaseti kawiri, ankatha kuiimba yonse ndi mluzu, n'kukusonyeza pamene ya ku Chonde inakhotera kumanzere pomwe ya ku Chinakanaka inapitirira. Anthu obweretsa njinga zawo ankachedwa dala pa shedi yawo kuti amve.

Ine bandiyo ndinkadana nayo kuchokera pansi pa mtima. Ikamalira, nkhuku yokha ndi imene inali ndi ufulu wolankhula pakhomo pathu. Kusinja kunkaima, kuseka kunkaima. Mlongo wanga Yohane, amene ndinapondana naye, tsiku lina anachotsa mabatire mu wailesi n'kuika mu tochi. Bambo anamumenya khofi limodzi lokha. Yohane anazungulira n'kugwera pa mtondo, magazi akutuluka m'khutu lakumanzere, ndipo khutu limenelo silinamvenso. Kuyambira pamenepo, ukafuna kumuuza chinthu unkazungulira kudzanja lake lamanja. Bambo sanapepese. Anangomugulira nsapato mwezi wotsatira, nkhani n'kuthera pomwepo.

Mungafunse kuti nanga ine, nditaona zonsezi, chinandilowa n'chiyani. Chinandilowa ndi Agnesi, mnzanga wa m'kalasi, mwana wa pakamwa pakuthwa. Chaka chimenecho kunali nyimbo ya mayi wina imene inkamveka pa wailesi, ndipo atsikana tinapangana zodzaivina pa tsiku lotsekera sukulu, koma mawu ake onse panalibe amene ankawadziwa.

"Kwanu kuli chiwailesi ngati bokosi la maliro," anatero Agnesi, "koma mumangomvera madala akukanda mawaya. Tajambula nyimboyo iwe."

Ndinamuuza za makutu othyoka. Anandiseka mpaka kugwira m'mimba. Anati achimwene ake amangopinda kapepala n'kutseka kadzenjeko, batani n'kulowa bwinobwino.

Lachitatu masana, bambo ali ku esiteti, amayi ali kumunda wa nandolo, ndinakoka katoni ya makaseti pansi pa bedi. Sindinali chitsiru, kapena tinene kuti ndinali chitsiru choganiza. Ndinati ndisakhudze zimene amazikonda, zolembedwa mayina, zakuda ndi zala. Ndinafufuza mpaka pansi penipeni, ndipo ndinapeza imodzi yokulungidwa m'kansalu, yopanda dzina, yoyera ngati yatsopano. Chibadwire ndinali ndisanaione ikulowa mu wailesi. Nditaiyesa ndinangomva phokoso la anthu, wina akutsokomola, mawaya akukungidwa. Ndinati iyi ndiye yotayidwa. Ndinang'amba kakona ka tsamba la m'kope langa, ndinakapinda mpaka kulimba, n'kukakankhira m'kadzenje muja ndi chikhadabo. Batani lofiira linalowa mosavuta.

Pa wailesi panali pulogalamu ya moni. Poopa kuphonya chiyambi cha nyimbo yanga, ndinasiya tepi ikuzungulira. Anthu anapatsana moni kuchokera ku Nsanje mpaka ku Chitipa, nyimbo zina zinalira, ine ndili tcheru. Nditamva khasu la amayi likugwa pakhomo ndinazimitsa, kukulunga kaseti m'kansalu kake, kubweza zonse mmene zinalili. Nyimbo ya mayi uja sanaiike n'komwe.

Chimene mwana sangachidziwe n'chakuti pali zinthu zimene munthu sazigwira chifukwa chozikonda kwambiri. Kaseti imeneyo inali ya pa Limbuli, tsiku lomaliza limene Jailosi anaimba asanadwale n'kumwalira. Tsikulo, nyimbo yotchedwa "Kalongonda Sapsa Msanga" itangoyamba, panabuka ndewu pakati pa anyamata a ku esiteti ndi a kutsidya kwa malire. Mabotolo anauluka, mabenchi anathyoka, ojambula ena onse anathawitsa mawailesi awo. Mwa ojambulawo, bambo okha anaima pomwepo, wailesi atainyamula pamwamba pa mutu, botolo litawang'amba pachigongono. Bandi sinasiye. Jailosi anaikoka nyimboyo mbali yonse ya kaseti, mpaka omenyanawo anatopa n'kuyamba kuvina, magazi ali m'malaya. Padziko lonse kaseti ya tsikulo inali imodzi. Bambo sanailembe dzina poti sinkasowa dzina, sankaiika mu wailesi poopa kuti ingaperepeseke, ndipo kwa zaka zinayi anaphwanya lamulo la gulu lawo lomwe: ankakana kuti munthu aikopere. Anaiimbirapo anzawo kawiri kokha, ine ndili kwa azakhali ku Chonde.

Tsoka sasimba. Mawa lake lenilenilo Che Amidu anabwera ndi nkhani yoti mphwawo wabwera kuchokera ku Joni ndi wailesi ya zitseko ziwiri, yolowa makaseti awiri, yokopera bwino popanda kutafuna tepi. Anachonderera monga ankachitira nthawi zonse, ndipo tsiku limenelo, mwa masiku onse a Mulungu, bambo analola. Ndinawaona akutulutsa kansalu kaja n'kukapereka ndi manja awiri, osakamasula.

"Ndikupatsani mwana wanga uyu, achimwene. Loweruka ndidzamutenga ndekha."

Apo m'pamene ndinakumbukira kuti kapepala kaja sindinakachotse.

Loweruka linali tsiku la msika. Ine ndi amayi tinayala nanazi ndi chinangwa chophika pafupi ndi shedi ya Che Amidu, malo athu a masiku onse. Dzuwa lili paliwombo bambo anafika pa njinga atavala malaya oyera, ndipo a gulu lawo anali atasonkhana kale, poti mbiri inali itamveka kuti lero ya pa Limbuli imveka poyera. Che Amidu anatuluka akupukuta manja. Nkhope yawo sinali bwino.

"Achimwene, tiyeni kaye kuseri, tikambirane awiri."

"Kuseri kukatani? Ikani tepiyo anthu amve, adikira zaka zinayi awa."

"Ndati tiyeni kuseri."

Bambo anawalanda kasetiyo, anaiika okha mu wailesi ya zitseko ziwiri ija n'kudina. Kunamveka phokoso la anthu, chifuwa chija, mawaya akukungidwa. Amuna aja anamwetulira, wina anavula chipewa. Kenako kunati thi, n'kutulukira mawu a muulutsi akupereka moni kwa apongozi a munthu wina ku Ntcheu.

Bambo anathamangitsa tepi kutsogolo. Moni. Anathamangitsanso. Nyimbo ya kwaya. Anathamangitsanso kachitatu. Moni.

"Mwakopera chobwerera," anatero ndi mawu otsika kwambiri. "Mwasokoneza zitseko."

Mkulu wina wa gululo, pofuna kuthandiza, anatulutsa kasetiyo n'kuiyang'ana pakona. "Iyayi a kapitawo, khutu ndi lothyola ili. Mwangozi sizingatheke. Pokhapokha munthu atatseka dala."

Mawu amenewo ndi amene anayatsa moto. Bambo anatembenuka pang'onopang'ono.

"Dala. Zaka zinayi mukundichitira kaduka. Mwakopera yanu, mwabisa, yanga mwapha kuti itsale ya inu nokha."

"Wallahi, achimwene, sindinakopere kanthu. Inabwera chonchi."

"Inabwera chonchi? M'nyumba mwanga ndani angaikhudze? Tchulani!"

Che Amidu anayang'ana kumene ndinakhala. Sanayang'anitsitse, anangodutsitsa maso ngati munthu woona ngati mvula ikubwera. Dzanja lawo lamanja linali lofumbata. Anati, "Sindikudziwa."

Mutu wa bambo unawapeza Che Amidu pachifuwa, ndipo onse awiri anagwera pa mulu wa malimu a njinga. Atadzuka, bambo anali ndi pampu m'manja, ija yachitsulo yopondera pansi. Koyamba inagwa paphewa. Kachiwiri inagwa pakamwa, ndipo kulira kwake ndimakumvabe, ngati munthu waponda chigoba cha nkhono. Che Amidu anagwada, analavula, ndipo pakati pa timipira ta mabeling'i tomwazika pansi panagwa tinthu toyera. Kachipewa kawo kanagwera m'beseni la madzi oyesera machubu. Anali wamtali kuposa bambo, manja awo anali ozolowera kupinda zitsulo, koma sanabweze. Ankangotchinga ndi mkono wamanzere, lamanja lili chifumbatire, atalipanikiza pamimba.

Mphwawo uja sanapirire. Anatola tcheni cha njinga n'kuwakwapula nacho bambo kumsana, malaya oyera aja n'kung'ambika kuyambira paphewa mpaka m'chiuno. Anyamata a ku esiteti amene anali pamsika ataona kapitawo wawo akukhetsa magazi anathamangira pomwepo, a m'mashopu oyandikana nawonso anatuluka, ndipo posakhalitsa anthu amene sankadziwa n'komwe kuti Mvumbi Jazz n'chiyani anali akuswana mitu. Sipanala inawang'amba bambo pamwamba pa diso. Munthu wina anaponyedwa pa tebulo la nsomba za kalapau. Matimati anapondedwa, nanazi zathu zinasanduka miyala yogendera. Ndinamva anthu amene dzulo lake ankabwerekana mchere akutukwanirana zipembedzo ndi mitundu. Amayi ankakuwa dzina la bambo atagwira kumutu.

Ine ndinali pansi pa benchi, nditakumbatira beseni la chinangwa. Ndikanangoti "ndine," zikanatha. Koma ndikatsegula pakamwa ndinkaona Yohane akuzungulira n'kugwera pa mtondo, ndiye ndinkatsekanso. Ndinadzikodzera pomwepo, ndipo ndinakhala chete mpaka akuluakulu a msika anawalekanitsa.

Bambo anasokedwa pamphumi. Che Amidu anakhala kuchipatala masiku angapo, nsagwada itatupa ngati dzungu. Pansi pa mtengo wa mapeyala sipanabwerenso munthu. Pakhomo panali bata limene ndinkalilakalaka kwa zaka, ndipo linkandinyansa. Ndinasiya kudya. Amayi anayesa malungo, anandimwetsa mankhwala owawa, ine n'kumamwa mosangalala poganiza kuti mwina chilango chake n'chomwecho.

Patatha masabata atatu amayi anati njala sidziwa manyazi, tibwerere kumsika. Tinayala kutali ndi shedi ija. Chakumasana kamwana kena kanabwera kudzandiuza kuti Che Amidu akufuna chinangwa. Ndinapita. Ndinawapeza okha, akumanga masipoko, milomo ili yokhuthala ndi zipsera. Anandilozera chitini chokhalira. Kenako anatsegula kabotolo kosungira mavavu, anatulutsamo kanthu kakang'ono n'kundiika m'dzanja.

Kanali kapepala kaja. Kanali kofiirira ndi magazi ouma, koma nditakatambasula zilembo zinkaoneka: theka la dzina langa, "Esin," ndi mchira wa chongi chofiira cha aphunzitsi. Pofuna kakona kopanda ntchito, ndinali nditang'amba pamene ndinalemba dzina.

"Ndinakapeza tsiku lomwelo ndisanaike tepi," anatero. Mawu awo ankatuluka ndi mphepo, ngati chubu chobooka. "Tenga. Ndi kako."

"Bwanji simunanene?" ndinafunsa.

"Khutu la Yohane ndinaliona ine. Ndinamunyamula ndine pa njinga kupita naye kuchipatala. Yohane ndi mwamuna, ndipo anangobwereka mabatire. Iwe ukanatsala chani?"

Ndinalira mpaka mamina. Iwo anangopitiriza kumanga masipoko. Nditatonthola ndinanena chinthu chimene ndinkaganiza kuti n'chanzeru. Ndinati poti nyimboyo anaimva kawiri, ndiye kuti ili m'mutu mwawo, angathe kuiimba ndi mluzu wina n'kujambula, bambo n'kukhululuka.

Anaika masipoko pansi. Kenako anasonkhanitsa milomo monga ankachitira, n'kuuzira. Kunangotuluka mpweya ndi timalovu. Anayesanso. Mpweya.

"Ili m'mutu, eya," anatero. "Koma khomo lake atseka bambo ako."

Sanandiuze kuti ndikaulule. Anati ndikataye kapepalako m'chimbudzi ndipo ndiiwale, iwo mano anayi awapereka kale, asapite pachabe. Koma ine kunyamula ndinali nditatopa. Mawa lake, Lamlungu masana, ndinawapeza bambo atakhala okha pansi pa mtengo wa mapeyala, wailesi ili pambali yosayatsa. Ndinagwada patali pang'ono, ndinaika kapepalako pa mwala, n'kunena zonse mwamsangamsanga ngati ndikulakatula ndakatulo ya kusukulu.

Anakatola, anakawerenga, anakatembenuza. Sindinaone pamene anaimirira. Khofi linandipeza pakati pa tsaya ndi khosi, ndinauluka n'kukagunda mphumi pa muzu wa mtengo. Chipsera chake ndili nacho, ndimachibisa ndi duku. Ndikuyesa kudzuka ndinawaona akusolola mpini wa khasu umene unali pa nkhokwe, ndipo nkhope yawo inali ija ya pamsika. Amayi anali kumadzi. Ndinadziwa kuti ndafa.

Yohane anatulukira kuseri kwa nyumba. Sanathamange, sanakuwe. Anangobwera n'kuima pakati pa ine ndi bambo, mnyamata wa zaka khumi ndi zinayi wowonda ngati bango, n'kutembenuza mutu kuwapatsa mbali yakumanzere.

"Menyani lomweli, bambo," anatero. "Linafa kale ili. Enawa asiyeni."

Mpini unakhala m'mwamba. Kenako bambo anatembenuka n'kuutsitsira pa mtengo wa mapeyala, kamodzi, kawiri, kambirimbiri, makungwa akuthethekera uku ndi uku, mpaka mpiniwo unathyoka pakati. Anakhala pansi m'fumbi, miyendo atatambasula ngati mwana, akupuma mofwenthera. Ine magazi ankandilowa m'diso koma ndinkaopa kupukuta.

Loweruka lotsatira bambo anamanga katoni yonse ya makaseti pa keliyala, ndipo anandiuza kuti ndiwatsatire. Sanakwere njingayo, anaikankha mpaka pa Limbuli. Pa shedi, anthu akuona, anavula chipewa n'kutsitsa katoniyo pamapazi a Che Amidu.

"Ndinalakwa, achimwene. Koperani zonse. Aliyense wofuna akopere."

Ndikanakonda kulemba kuti anakumbatirana. Sanatero. Che Amidu anayang'ana katoniyo, anayang'ana bala la pamphumi panga, n'kunena kuti, "Ndiye mwamumenyabe." Bambo anayang'ana pansi. Makasetiwo anakoperedwa onse m'miyezi iwiri, anabwezedwa osasowa ndi imodzi yomwe, koma Che Amidu sanapondenso pakhomo pathu. Akakumana panjira ankapatsana moni waulemu, wa anthu odziwana patali. Mawu oti achimwene anatsalira bambo okha. Chimene ndingachitire umboni n'chakuti kuyambira tsiku la mpini lija, bambo sanakwezenso dzanja pa munthu m'nyumba mwathu mpaka kumwalira kwawo.

Kaseti yanga ija nayonso inakoperedwa, mmene inalili. Zinapezeka kuti khasu la amayi linapulumutsa mphindi zisanu ndi imodzi za kumapeto. Moni wa ku Ntcheu ukangoduka, umagwera pakati pa bwalo la pa Limbuli: ndewu yatha, mapazi akugunda pansi, mayi wina akululutira, gitala ya Jailosi ikubwerera kwawo mosafulumira. Ndipo pafupi penipeni ndi wailesi, pambali pa munthu amene anainyamula pamutu, pakumveka mluzu. Ukutsatira gitala, ukuidutsa, ukuidikira pakona. Pa tsiku la mabotolo lija, pamene ojambula ena onse anathawa, panali munthu mmodzi amene anatsala ataima pambali pa bambo. Mu ukalamba wawo bambo ankabweza mphindi zimenezo ndi bolopeni kuti asathe mabatire, kumvera, kubwezanso. Sindikhulupirira kuti ankamvera Jailosi.

Lero onse anapita, bambo, Che Amidu, ndi oimba onse asanu. Ine ndine mphunzitsi, ndipo mwana wanga anasamutsira makaseti aja mu foni. Pali kagulu ka ana ndi adzukulu a anthu a pansi pa mtengo aja, timatumizirana nyimbozo kwaulere monga lamulo linanenera, n'kumakangana ngati makolo athu kuti yokoma ndi ya ku Chonde kapena ya ku Chinakanaka. Ine amene ndinkadana ndi kukanda mawaya, lero ndimakweza chala m'khitchini ndekha Jailosi akasochera. Ndinachedwa kumvetsa chimene amuna aja ankafuna m'matepi odzaza chifuwa ndi phokoso. Mmenemo munali iwo eni, tsiku lakutilakuti, ataima pambali pa wakutiwakuti, onse adakali ndi mano.

Kaseti ya pa Limbuli a m'kagulumo anaipatsa dzina, poti iliyonse imayenera kukhala nalo. Amaitchula kuti "Limbuli, mwana atajambulapo moni." Ambiri amadumpha moniyo n'kuthamangira kumapeto. Ine sindidumpha. Ndimakhala pansi n'kumvera yonse, apongozi a ku Ntcheu, kwaya, zonse, chifukwa utali wa moniyo ndiwo muyeso wa chimene ndinafufuta.

Pamsika paja tinakhala chete anthu awiri, ine ndi Che Amidu, ndipo kwa nthawi yaitali ndinkadzitonthoza kuti ine ndinali mwana. N'zoona, ndinali mwana. Koma ndikudziwa tsopano kuti ine ndinatseka pakamwa kuti khofi ligwere wina, pomwe iwo anatseka pakamwa kuti ligwere iwo. M'kalasi mwanga mwana akaswa chinthu, ndimayamba ndamufunsa kuti kwawo amamenya ndani, ndisanatume kalata kwa makolo. Aphunzitsi anzanga amati ndimalekerera.

Kapepala kaja ndinakatola pansi pa mtengo tsiku lomwe lija, ndipo kali m'kabotolo m'kabati mwanga. Yohane akabwera kudzacheza timaika mphindi zisanu ndi imodzi zija. Amakoka mpando, n'kutembenuzira ku foni khutu lakumanja.